Saladi pa buleki ya amalume

Loweruka lija ndinatsuka njinga yamoto ya amalume, ndipo pofuna kuti iwale ndinaipaka saladi, mafuta ophikira aja, paliponse, ngakhale pa buleki yakumbuyo. M'mawa mwake, pamtsetse wa ku Chinyunyu, buleki inakana kugwira. Amalume anakagwera m'chimanga cha eni n'kusupuka bondo.

Sabata yomweyo wailesi inalengeza kuti opanga njingazi akuziitanitsa ku Lusaka kuti akazikonze chifukwa cha vuto la buleki yomweyo.

"Wamva, Tisa? Akanandipha anthu awa!" anatero amalume.

"Alibe chisoni, amalume," ndinayankha ndikuyang'ana pansi.

Mwina vuto linalidi lawo, sindidziwa. Njinga itabwerako ku Lusaka, amalume anati, "Uitsuke, iwale ngati tsiku lija."

Ndinatsuka ndi madzi okhaokha. Mpaka lero amati ndinayamba ulesi.