A Samruai ndi Mbande Zinayi za Chamba

Alamu anga a Samruai amakana kuti ndi aulesi. Amati amangodana ndi kuchita chinthu chimodzi kawiri. Kwa zaka makumi atatu ankayendetsa kalole konyamula anthu kuchokera m'mudzi mwathu kupita ku Sakon Nakhon, ndipo zaka zonsezo sindinawaonepo akutsika kuti atsegule geti la pakhomo pawo. Anamanga chingwe ku getilo n'kuchidutsitsa pa nthambi ya mango, ndiye akafika ankangotulutsa dzanja pawindo n'kukoka. Pansi pa nyumba yawo, yomwe inamangidwa m'mwamba pa mitengo, pamene anamangirira machira awo ogonamo pakati pa nsanamira ziwiri, anakhomapo galasi la galimoto kuti aziona wobwera popanda kudzutsa mutu. Akaona kuti ndi munthu wankhani zambiri, ankayamba kuliza mkonono iye asanafike n'komwe.

Akazi awo, achemwali anga a Thongbai, ndi munthu wina. Amanyika nsalu mu utoto ku gulu la amayi kuseri kwa kachisi, manja awo ndi abuluu mpaka m'zigongono, ndipo ngakhale pa maliro amapeza chosenda. Ine ndimakhala kuseri kwa mpanda wawo ndipo ndimamva zonse, koma mmene awiriwa akhalira limodzi zaka zonsezi sindikudziwa.

Chaka cha 2021, nthawi yokolola mpunga, a Samruai anagwa pafupi ndi mtsuko wa madzi. Anabwerako kuchipatala patatha milungu itatu, mkono ndi mwendo wakumanzere zili lende, pakamwa patapotoka pang'ono. Kalole kaja kanagulitsidwa. Adokotala anati akhoza kupezako bwino ndithu, bola aziyenda tsiku ndi tsiku, ngakhale pang'ono.

"Aziyenda iwowo, ali ndi miyendo iwiri," anatero alamuwo, n'kugona m'machira.

Anagona choncho miyezi isanu ndi iwiri. Ine ntchito yanga ndi yometa anthu pakhonde panga, ndiye Loweruka lililonse ndinkapita ndi lumo kukawachotsa ndevu. Kale lumo likangofika pakhosi ankandiuza kuti ndili ndi manja a munthu wopha nkhumba. Tsopano ankangoyang'ana matabwa a pamwamba pawo. Chakudya ankatola kawiri n'kukankha mbale.

Mu Juni chaka chotsatira boma linalola anthu kudzala chamba pakhomo. Mudzi wonse unachita ngati ukuchimva koyamba, chonsecho amayi athu ankaponya masamba ake mu msuzi wa nkhuku ife tili ana, ndipo aliyense wa msinkhu wathu amakumbukira mmene tinkanyambitira mbale. Tsiku lina achemwali anabwera kuchokera kumsika ndi mbande zinayi pa njinga yamoto. Kung, mwana wawo wa ku Bangkok, anawalembetsa ku boma pa foni. Mbandezo anaziwokera m'matayala akale anayi odzaza dothi.

Inali nthawi ya mvula. Akanaziika pabwalo zikanadzithirira zokha. Koma achemwali anaziika kumapeto kwa bwalo, pansi pa denga la pulasitiki pamene amayanika nsalu, pamene dontho silifika. Mpopi wa madzi uli mbali ina, kuseri kwa khichini. Machira ali pakati.

"Bambo a Kung, izi ndi zanu. Zikakula muzidya bwino ngati kale. Ine ndimalawira, nthawi ndilibe. Muzithirira."

"Ndi mwendo uti?"

"Watsalawo."

"Bwanji osaziika pamvula?"

"Ziola mizu."

Atatero anabwera kumpanda kwanga. "Iwe Wichian, ukangogwira ndowa pakhomo panga, ndikuviika mu utoto chamutu."

Tsiku loyamba a Samruai sanathirire. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Tsiku lachitatu linali Loweruka, ndipo ndikuwameta ndinaona kuti maso awo ali pa galasi lija. Mbande zinali zitazolika. Kunja mvula inkagwa ya mkokomo.

"Taonani, alamu," anatero. "Madzi akutayika ulele apo, mbewu zikufa ndi ludzu apa. Kupusa kumeneku n'kwa kubanja kwanu."

Aka kanali koyamba kunditukwana chichokereni kuchipatala. Ndinatsala pang'ono kuwacheka.

Nditachoka anadzuka ndi ndodo, natenga ketulo. Kuchoka pamachira kupita kumpopi, kuchoka kumpopi kupita kumatayala, kanayi. Zinawatengera m'mawa wonse. Anabwerera thukuta lili kamukamu, nalengeza mokweza kuti ndimve kuseri kwa mpanda: "Zimenezi sindidzachitanso."

Kuti asadzachitenso, panafunika mgolo, nsungwi yosema ngati ngalande, ndi mapaipi ang'onoang'ono amene anatsala a kalole kaja. Mgolo unali kuseri kwa khichini. Anaugubuduza masiku anayi, kukankha ndi chiuno, kupuma, kuutukwana, kukankhanso. Nsungwi anasema ndi dzanja limodzi, lakufalo atalisanjika pamwamba ngati mwala wopsinjira. Pa mlungu wachiwiri ndinaona zala ziwiri za dzanjalo zitagwira paipi.

Patatha milungu itatu anandiitana kudzaona. Mvula ikagwa pa denga la pulasitiki inkatsika ndi nsungwi kulowa mumgolo. Pansi pa mgolo panali kampopi, ndipo kuchokera pamenepo mapaipi anayi ankapita ku tayala lililonse. Kukampopiko anamangako chingwe chofika mpaka pamachira. Anagona bwinobwino, nakoleka chingwe ku chala chachikulu cha phazi labwino, n'kukoka. Madzi anayamba kudontha m'matayala onse anayi.

"Ndapuma pantchito kachiwiri," anatero, n'kutseka maso.

Anapuma masiku awiri. Tsiku lachitatu paipi imodzi inatseka, ndipo anayenera kudzuka kukaitsegula. Kenako ina inazuka, achemwali anati ndi galu. Kenako chingwe chinaduka, anati makoswe. Sipankatha masiku atatu popanda chovuta, ndipo chovutacho nthawi zonse chinkakhala kumapeto kwenikweni, kutali ndi machira.

M'mawa wina, amonke atangodutsa, ndinaona achemwali atanjuta pafupi ndi tayala lakumapeto. Ankakankhira njere ya bwemba m'paipi ndi kamtengo.

"Achemwali, mwangopereka kumene mpunga kwa amonke."

"Ndiye madalitso ndili nawo okwanira kuchotsapo pang'ono. Pita ukamete anthu ako."

Loweruka lotsatira, thovu lili kumaso, a Samruai anayankhula osatsegula maso.

"Alamu, makoswe a pakhomo pano ali ndi zala zabuluu."

"Muwauza kuti mwadziwa?"

"Ndiwauze kuti ayambe kuganiza zovuta kuposa apa? Njere ya bwemba ndikudziwa pochotsera."

Komabe sanagonje. Anamanga kansalu ka ukonde wa udzudzu kukamwa kwa paipi iliyonse. Achemwali anayamba kupinda mapaipi. Iwo anawalowetsa m'nsungwi. Achemwali anayamba kumasula mfundo. Madzulo ankadya limodzi n'kumadandaulirana za makoswe a chaka chimenecho, nkhope zili gwa.

Panalinso nzeru zina zopewera ntchito. Kuti asamazule udzu anaphimba dothi ndi mapesi a mpunga, ndipo zinathandizadi. Kuti asamatole tizilombo m'masamba anatsegulira nkhuku, ndipo nkhukuzo zinadya tizilombo pamodzi ndi mbewu imodzi yonse. Zinatsala zitatu. Tsiku lina anagona tulo chingwe chili kuphazi, mgolo wonse unathera m'matayala, ndipo yaing'ono pa zonse inaola mizu, monga achemwali ananenera, ngakhale iwo ankangonama. Zinatsala ziwiri. Imodzi inali yapakatikati. Inayo inakula mpaka kukankha denga la pulasitiki, ndipo a Samruai anaipatsa dzina loti Bwanamkubwa. M'mawa ankaipatsa moni. Anthu ankabwera kudzaiona, ndipo iwo sankalizanso mkonono.

Kumapeto kwa Seputembala kunabwera Anuchit. Ndi bambo wa ana awiri amene anagwira ntchito zaka zisanu ku Korea, ndipo atabwerako anamanga nyumba ya pulasitiki kumapeto kwa msewu wathu n'kudzalamo chamba chogulitsa, mapoto makumi anayi. Anapereka moni manja ali pachifuwa, nakhala pansi pa mkeka, nafunsa za mwendo. Kenako anapita kukayang'anitsitsa Bwanamkubwa, nabwerako nkhope itagwa.

"Malume, chachikulucho n'chachimuna."

"Ndikudziwa. Ukuganiza dzinalo ndinachipatsa chifukwa chiyani?"

Sankadziwa. Ndinaona khutu lawo likufiira.

"Chatsala pang'ono kutsegula maluwa, malume. Mungu wake ukauluka, zanga zonse, poti n'zazikazi, zidzadzaza njere. Palibe adzagule."

"Mphepo si yanga."

"Dulani basi," anatero achemwali ali pamakwerero. "Ine ndikufuna masamba okha. Mumsuzi mulibe mwamuna kapena mkazi."

"Palibe akudula kanthu pano. Miyezi itatu ndikulimbana ndi makoswe chifukwa cha mtengo umenewu. Ndikaone kaye akazi akudandaulawo."

Anuchit anati awatenga pa njinga yamoto. A Samruai anati sakwera njinga ya munthu amene akukangana naye. Anatenga ndodo, natuluka pageti. Kuchoka pamenepo kufika kwa Anuchit ndi mtunda woti mwana amathamanga osapuma, koma iwo unawatengera pafupifupi ola. Amayi ogulitsa papaya wosinja anasiya mtondo n'kuimirira. Kasitomala wanga anatuluka mutu utametedwa mbali imodzi. Achemwali ankatsatira cham'mbuyo, akunamizira kuti akupita kukagula mazira. Alamuwo anapuma kanayi, ndipo paliponse pamene apuma ankaloza mpanda kapena ngalande ya mwini nyumba n'kunena chimene chalakwika.

Atalowa m'nyumba ya pulasitiki ija anapeza mkazi wa Anuchit, Lamduan, akuthirira ndi keni. Poto mmodzi, wachiwiri, wachitatu, keni yatha, kubwerera kumpopi. A Samruai anaima n'kumangoyang'ana.

"Mumachita chonchi tsiku lililonse?"

"M'mawa ndi madzulo, malume," anatero Lamduan. "Msana wanga unasiya kale kundiyankhula."

"Mapoto makumi anayi?"

"Eya."

Anatembenukira kwa Anuchit. "Mwana iwe, ku Korea unkaphunzirako chiyani?"

Za Bwanamkubwa sanazitchulenso. Anafunsa kumene madzi amachokera, nalamula kuti awabweretsere kreti yokhalira, nayamba kujambula pansi ndi ndodo. Pobwerera anavomera kukwera njinga yamoto, chifukwa mkangano unali utatha. Atafika anauza achemwali kuti adule mtengowo okha, iwo sakufuna kuona.

Kwa milungu iwiri ankapita kwa Anuchit m'mawa uliwonse, wapansi, chifukwa ankati akadikira kutengedwa Anuchit ndi mkazi wake alumikiza mapaipi mozondoka. Ankakhala pakreti n'kumaloza ndi ndodo. Atamaliza, Lamduan ankangotsegula mpopi umodzi n'kupita kukaphikira ana. Anawabweretsera nkhuku yaikazi yonenepa, miyendo yomangidwa.

Nkhukuyo ndi imene inalowa mumphika limodzi ndi masamba a Bwanamkubwa, amene achemwali anali atayanika. Anandiitana. Fungo lake linali lomwe lija la amayi athu. A Samruai anadya mpunga womata mitanda itatu, namwa msuzi mbale ziwiri, nagwira mbale yachiwiriyo ndi manja onse awiri.

"Mchere wachepa," anatero.

Achemwali anadzuka n'kupita kuseri kwa khichini, ndipo anakhalako nthawi yaitali kuposa yotengera mchere. Atabwerako maso anali ofiira, anati ndi tsabola. Masana amenewo tonse atatu tinagona mpaka dzuwa kupendeka, ndipo makasitomala anga awiri anabwerera ndi tsitsi lawo.

Kaya ndi chamba chimene chinabweza njala yawo, kaya ndi kuyenda, sindikudziwa. Alamuwo amati ndi nkhuku. Mbewu yotsalayo inatipatsa msuzi mpaka nyengo yozizira itatha. Pambuyo pake malamulo anayamba kusinthasintha, lero zololedwa, mawa kufuna chikalata cha dokotala, ndipo a Samruai anati kutsatira nkhani zimenezo ndi ntchito yoposa kuthirira. M'matayala muja tsopano muli tsabola ndi mabiringano. Anuchit anasinthira ku mavwende. Mwendo wakumanzere amaukokabe, ndipo dzanja limagwira kapu koma osati singano. Anthu a m'midzi ina amabwera kudzawatenga kuti akawaonere madimba awo, ndipo amapita akudandaula njira yonse.

Mwezi watha Kung anaimba foni kuti ndi woyembekezera, ndipo mwanayo akadzasiya kuyamwa adzamubweretsa kuno kuti agogo ake amulere, iye abwerere kuntchito. Achemwali ayamba kale kusoka timalaya. Loweruka lapitali, ndikunola lumo, alamu anandifunsa ngati ndikudziwa aliyense amene ali ndi galimoto yakufa.

"Mukufuna chiyani?"

"Kamota kaja kamene kamayendetsa zopukutira mvula pagalasi. Kamapita uku, kamabwera uku. N'chimodzimodzi ndi kugwedeza kabedi ka mwana."

"Mwanayo sanabadwe, inu mwatopa naye kale?"

"Sindinatope. Ndikukonzekera kuti ndisadzatope. Meta bwino apa, ukundisenda ngati chinangwa."