Kapepala koyera ka mayi Anesi

Kumudzi kwawo, kuseri kwa Kabudula, mayi Anesi amadziwika ndi zinthu ziwiri: ukhondo ndi chifuwa. Ukhondo wake ndi uja wotopetsa anzako. Mukawabwereka poto wakuda, amabweza atamukwecha ndi mchenga mpaka mwini wake kukana kuti si wake. Chifuwacho chidayamba ana awo akadali aang'ono, ndipo pomwe zidzukulu zinkabadwa n'kuti akamachokera kumjigo akutula chidebe panjira kuti apeze kaye mpweya. Kuchipatala adawayeza chifuwa chachikulu, osachipeza. Akamwa mankhwala chinkangogona pang'ono n'kudzukanso.

Amuna awo, bambo Obadiya, mkulu wa mpingo, nawo ali ndi mbiri yawoyawo. Iwo za mbewu ya m'sitolo toto. Amasunga chimanga cha makolo chomwe adasiya bambo awo. Akakolola ankasankha chachikuluchikulu, n'kuchimanga ndi makoko ake, n'kuchipachika kudenga la khitchini, pamwamba penipeni pa mafuwa. Utsi ndiwo unali mlonda wake, chifukwa chimanga chodetsedwa ndi mwaye anankafumbwe sachiyandikira. N'chifukwa chake khitchini ya mayi Anesi inalibe zenera. Pakangooneka kamng'alu pakhoma, bambo Obadiya ankamata tsiku lomwelo.

"Utsi wothawa ndi mbewu yotayika, Nambewe," ankatero, kuwatchula akazi awo ndi mfunda. Koma mwini lamuloyo m'khitchinimo ankangosuzumira, wokhalamo anali wina.

Chaka china m'chilimwe kudafika mtsikana wa kukoleji ina ya mumzinda, dzina lake Theresa, ataperekezedwa ndi alangizi a zaumoyo. Iye ankafufuza mpweya womwe anthu amapuma. Adafotokozera amayi kuti mu utsi muli tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timadutsa m'mphuno osakodwa n'kukakhazikika pansi penipeni pa mapapo. Kenako adatulutsa timabokosi tofanana ndi mtanda wa sopo, tokhala ndi chingwe chokolekera m'khosi.

"Kabokosika kamakoka mpweya monga mukokera inu, mayi," adatero powapatsa mayi Anesi kawo. "Mkatimu muli kapepala koyera. Zomwe kagwire kapepalako ndi zomwe chifuwa chanu chameza. Muzingokavala kulikonse, mawa ndidzatenga."

Mayi Anesi adalandira ndi manja awiri. Atafika kunyumba adakayang'ana bwino: katsopano, konyezimira, ka alendo. Ha! Kameneka n'kulowa nako m'khitchini muja, momwe duku woyera amatuluka ngati wapukutira mphika? Ndiye akabweze kali bii, ku Lilongwe akanene kuti ku Kabudula kuli mayi wauve? Adakakulunga m'chitenje chochapa, n'kukaika m'sutikesi, pansi pa yunifolomu yawo ya Chigwirizano. Kabokosi kankang'ung'udza m'sutikesimo, iwo akutsokomola pamoto monga mwa masiku onse.

Patapita masiku Theresa adaitanitsa anthu pabwalo la tchalitchi n'kuyala timapepala pathebulo. Tina tinali totuwa, tina takuda. Kamodzi kokha kanali mbee.

"Aka ndi ka mayi Anesi," adatero Theresa. "Kunena zoona kandidabwitsa. Tisathamange, ndikufuna ndidzaonenso."

Koma ndani adamva mawu omalizawo? Anthu anali atayamba kale kuwomba m'manja, bambo Obadiya ataimirira, jekete atakonza.

"Mwaonatu! Mumati ndikupha mkazi ndi utsi. Lero makina a anthu ophunzira andichitira umboni. Utsi wa m'khitchini yotseka bwino ndi mankhwala!"

Mayi Anesi adangozyolika. Chinawadya mumtima. Akanayambira pati, pamaso pa mpingo wonse, amuna awo ali chiimire?

Nkhani ikanathera pomwepo. Koma tsiku lina mayi Anesi akusesa padafika mtsikana wa pafupi, wokwatiwa chaka chatha chomwechi, khanda lili kumsana.

"Amayi, ndabwera kudzaona mamangidwe a khitchini yanu. Abambo akunyumba ayamba kale kumata zenera lathu, akuti titengere kwa inu kuti mwanayu akule wathanzi."

Mayi Anesi adayang'ana kamutu ka khandalo kali lende pamsana wa mayi wake. Adadziwa kuti mayi akawerama kukoleza moto, mwana wa kumsana amawerama naye. Mantha adawagwira, enieni, mpaka tsache kugwa. Paja amati manyazi adapha lambe, koma apa lambe wake akanakhala mwana wa eni.

"Kawauze amuna akowo asiye. Thamanga, dothi lisanaume!"

Tsiku lomwelo adakwera kabaza kukamupeza Theresa komwe ankafikira. Adafotokoza zonse, za chitenje ndi sutikesi yomwe, maso ali pansi. Theresa adaseka mpaka kugwira khoma.

"Mayi inu! Ine osagona tulo, kumati makina anga afa. Ndiye kuti ndayeza mpweya wa m'sutikesi?"

"Ndimaopa kukudetserani, mwana wanga."

"Kudako ndi komwe ndabwerera. Kadetseni ndithu, musakamvere chisoni."

Ulendo uno kabokosi kadalowa m'khitchini kali pachifuwa pawo. Theresa atabwera ndi kapepala kachiwiri sadapite kubwalo la tchalitchi. Adafika pakhonde, n'kukaika m'manja mwa bambo Obadiya. Kanali kakuda ngati kunsi kwa mphika.

"Ndi za tsiku limodzi izi, bambo," adatero.

Bambo Obadiya adakatembenuza, n'kukapalasa ndi chikhadabo. Pomaliza adafunsa motsitsa:

"Nanga za zaka zonsezi, zomwe zidalowa kale, zituluka?"

"Zina sizituluka. Koma za mawa mungathe kuziletsa."

M'mawa mwake mayi Anesi adadzidzimuka ndi phokoso la nyundo. Bamboyo anali kugumula khoma lomwe adakhala akulimata moyo wake wonse, zenera kum'mawa, lina kumadzulo, ndi mpata pansi pa denga. Adakagulanso mbaula yadothi yosadya nkhuni zambiri. Mbewu adaitsitsa, n'kuitonola, n'kuisakaniza ndi phulusa m'mitsuko monga adamvera kwa ena.

Chifuwa cha mayi Anesi sichidathe, tisanamizane. Koma chidafatsa. Adayamba kufika ndi chidebe pakhomo osatula, ndipo adadabwa kuona kuti munthu angathe kuphika ndiwo mpaka kupsa osagwetsa msozi.

Koma za phulusazo bambo Obadiya anali mlendo nazo, ndipo chaka choyambacho adaika lochepa. Mvula itayandikira adavundukula mitsuko n'kupeza ufa wokhawokha, anankafumbwe akuyenda nyomi. Yotsala sikanakwana ngakhale theka la munda. Adanyamula kadengu kupita kwa a Simoni, oyandikana nawo nyumba, omwe iwo eni adawagawirapo mbewu yomweyo kalekale. Mayi Anesi anali m'khitchini, ndipo pazenera latsopano lija adamva zonse.

"Aa, akuluakulu!" adatero a Simoni mwachipongwe. "Eni mbewu yosafumbwa lero akupempha? Bwanji osangomatanso mazenerawo?"

Mayi Anesi adasiya kutakasa. Adatchera khutu, podziwa kuwawa kwa mawuwo kwa munthu ngati amuna awo.

"Thirani m'dengumu, a Simoni," adayankha bambo Obadiya. "Mbewu ndingathe kudzapempha kwa inu chaka ndi chaka. Nanga Nambewe akandithera, ndidzakapempha kwa yani?"