Khadi Lofiira

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri m'chaka cha 2008, pamene aphunzitsi athu anasiya kubwera kusukulu n'kutisiya tikungoyendayenda m'misewu ya ku Unit D, dera lathu m'tauni ya Chitungwiza. M'masitolo munatsala mashelefu okhaokha. Madzi a m'zimbudzi ankayenda m'ngalande za m'mbali mwa msewu, ndipo fungo lake linkatitsatira mpaka pa chakudya. Magetsi ankabwera pamene afunira n'kuchoka osatsanzika. Koma m'nyumba mwathu munali chinthu chimene nyumba zina zonse za mumzere wathu zinalibe, ndicho kompyuta.

Inali yakalekale, yoyera poyamba koma itasanduka yachikasu. Bambo anachokera nayo kufamu komwe anabadwira, komwe agogo anafikira atachoka ku Malawi. Anayendetsa thirakitala kumeneko mpaka imvi zinayamba. Famu italandidwa, mwini wake akupakira katundu anawalozera kompyuta ya mu ofesi kuti atenge. Bambo sankadziwa ngakhale poyatsira pake, komabe anaisenza pamutu mpaka kumsewu waukulu. Alendo akabwera ankawauza kuti penshoni yawo yonse ndi imeneyo, n'kuseka okha.

Amene anaipatsa ntchito anali achimwene anga a Tafara. Anali atamaliza Fomu 4 n'kusowa kolowera. Anaikamo magemu, wa mpira ndi wa mpikisano wa galimoto, ndipo magetsi akangobwera ana a mumzere monse ankathamangira kwathu. Ndalama tinkakana, chifukwa ya m'mawa pofika madzulo inali pepala chabe. Wofuna kusewera ankabwera ndi kapu ya chimanga, mbatata, dzira kapena maputi, chimanga chokazinga chothetheka. Ine ndinali mlonda wa pakhomo, ndipo pakamwa panga panali pakuthwa moti palibe analowapo chimanjamanja. Ndinalinso katswiri wa galimoto. Lamulo linali lakuti wondipambana asewera ulere, ndipo anyamata ankabwerera kwawo akutukwana chamumtima. Amayi ankagulitsa matimati kumsika wa ku Chikwanha, koma masiku ambiri chimene tinkadya chinkachokera mu kompyuta ija.

Kenako munthu wina anatsegula kachipinda ka magemu ku Chikwanha komweko, ndi makina atsopano. Kunali mpira wina watsopano woti nkhope za osewera zinkaoneka ngati za anthu enieni. Ana athu aja anayamba kuchepa mmodzimmodzi. Achimwene anapeza chimbale cha mpira womwewo, koma pa kompyuta yathu osewera ankayenda modukizadukiza, kenako sikirini n'kuda bii. Anatsegula chibokosi cha kompyutayo ndi nsonga ya mpeni n'kundionetsa vuto. Munali kabolodi kakang'ono kobiriwira, kozikidwa mumpata wautali. Anati limeneli ndi khadi la zithunzi, ndilo limajambula zonse zooneka pa sikirini, ndipo lathuli lakalamba. Tikapeza lamphamvu lolowa mumpata womwewo, ana abweranso.

Nthawi imeneyo anyamata a msinkhu wawo ankatha m'mudzi. Mnzawo wapamtima ankawanyengerera tsiku ndi tsiku kuti apite limodzi ku Joni, kukawoloka Limpopo popanda pasipoti. Amayi akamva zimenezi ankadwala. Tsiku lina tikudya, achimwene ananena poyera kuti khadi likapezeka n'kugwira ntchito sapita kulikonse, koma likalephereka asawagwire mwendo. Kuyambira pamenepo nkhani ya khadi inasiya kukhala ya magemu.

Thandizo linali kwa amalume a Yotamu, mlongo wawo wa amayi, amene ankalima maluwa m'nyumba za anthu ku Joni. Amalumewa anali ndi vuto limodzi. Ukawalankhula m'Chishona ankakudula, amvekere kodi makolo ako si a ku Malawi? Ankafuna Chichewa basi. Tsono achimwene Chichewa ankachimva bwinobwino, koma poyankha chinkatuluka Chishona. Asanapite kukaimba foni, anakhala pansi kukonzekera mawu awo ngati mayeso. Mpata wa khadi mu kompyuta yathu unali wa mtundu wa tiyi wamkaka wochepa, umene ife ana tinkangoti bulauni. Makadi opangidwira mpata wa mtundu umenewo okha ndiwo akanalowa. Achimwene anafunsa bambo kuti bulauni m'Chichewa ndi chiyani.

Bambo anakondwa kwambiri kufunsidwa. Anati ndi chofiira, monga timanenera ng'ombe yofiira kapena dothi lofiira. Ndinalipo ndipo ndinamva ndekha. Sananame, Chichewa chimaterodi.

Foni ya ku Chikwanha inkadula msanga, ndipo mawu ankamveka ngati munthu ali pansi pa chitsime. Achimwene anatchula zilembo zitatu za dzina la mpata uja, n'kuwonjezera kuti khadi likhale la mpata wofiira. Amalume sukulu sanapite nayo patali. Zilembo zija zinagwera m'njira, mawu akuti mpata anagweranso, n'kutsala liwu limodzi lokha limene analigwira ndi manja awiri. Tinamva pambuyo pake kuti analowa m'sitolo n'kuuza wogulitsa kuti mphwawo akufuna khadi la magemu, lofiira.

Katundu anabwera ndi dalaivala wa basi. Munali mafuta ophikira, sopo, mpunga pang'ono, ndi kabokosi kokulungidwa m'malaya akale. Ine ndi amene ndinakanyamula kuchokera ku Chikwanha, nditakakumbatira pamtima, osalola ngakhale amayi kukagwira. Titatsegula, tonse tinangoti kukamwa yasa. Khadilo linali lofiira ngati magazi, lonyezimira, lokhala ndi kafani kakekake. Linkanunkhira utsopano, fungo limene tinali titaliiwala m'nyumba mwathu. M'munsi mwake munali mzere wa timano tagolide.

Achimwene anazula khadi lakale n'kuyesa kuzika latsopano. Linakana. Analitembenuza, analipendeketsa, linakanabe. Timano tija tinali ndi kampata pakati, ngati munthu woguluka dzino, ndipo kampatako kanayenera kukumana ndi kachitsekerero ka mumpata wa kompyuta. Sizinkakumana. Khadilo linali la makompyuta atsopano. Ndinaona khosi la achimwene likutuluka thukuta ngakhale kunkazizira.

Tinapita nalo kwa bambo wina wokonza makompyuta. Anati khadi ndi labwino zedi, ndipo atha kutisinthira ndi lolowa mumpata wathu, koma tidikire mpaka atalipeza. Liti, sakudziwa. Kwa ine nkhani inathera pomwepo, kudikira basi. Koma mnzawo wa achimwene uja anali atapeza kale lole yopita kumalire, ku Beitbridge, kumapeto kwa sabata yomweyo, ndipo achimwene anali atatopa ndi mawu akuti dikira. Anali atadikira ntchito, atadikira buledi pamzere, atadikira magetsi.

M'mawa mwake, amayi atapita kumsika, achimwene anapempha bambo kuti awabwereke tupa. Anati adula kampata kena pa timano tija, apale nsonga yotsalayo, khadi lilowa. Zaka zimenezo mawu amene anali pakamwa pa aliyense ku Chitungwiza anali akuti kukiyakiya, kutanthauza kulumikizalumikiza zinthu mpaka zitheke. Anthu ankayendetsa makombi, maminibasi a kuno, ndi mafuta osakaniza ndi palafini, ankaphika ndi mapulasitiki, ankasoka nsapato ndi waya. Chilichonse chokana chinkakakamizidwa, ndipo nthawi zambiri chinkalola. Achimwene anakulira m'maphunziro amenewo.

Ine ndinalusa. Ndinawauza kuti timanoto si zokongoletsera, kalikonse kali ndi mnzake woti kakhudzane naye, iwo omwe ndi amene anandiphunzitsa zimenezo. Ndinawatchula mbuzi, ine mwana wamng'ono, chinthu chimene tsiku lina chikanandidyetsa mbama. Anangondiyankha m'Chishona kuti rinopinda chete, kutanthauza kuti lilowa basi. Nditaona kuti sandimvera, ndinathamangira kwa bambo, amene anakhala pakhonde akuwothera dzuwa. M'nyumba mwathu mawu a bambo sankabwerezedwa. Akanangoti ayi kamodzi, tupa ikanakhala m'bokosi.

Ndinagwada n'kuwapempha kuti awaletse. Ndinati kompyuta ndi yawo, ndi penshoni yawo, anene kanthu. Bambo anandiyang'ana, anayang'ananso achimwene amene anaima pakhomo.

"Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha," anatero. "Iwe Tafara, tupa ili m'bokosi la zitsulo za thirakitala. Katenge."

Mwambi umenewu ankaukonda. Anatilera nawo. Nditalirira tsabola ndili wamng'ono anandipatsa, ndipo sindinaliririrenso. Ankakhulupirira kuti mwana amamva bwino ndi thupi lake kuposa ndi makutu.

Phokoso la tupa ija ndimalimvabe. Achimwene anapana khadi pakati pa mawondo n'kumapala pang'onopang'ono, akuuzira fumbi lofiira losakanizika ndi golide, limene linkagwera pa simenti. Ndinakhala pakona ndikulira ndi mkwiyo. Manja awo anali aluso, ndisaname, ndipo kampata kanatuluka kowongoka bwino. Atakanikiza ndi zala zazikulu ziwiri, khadi linalowa n'kumveka kuti khwa. Anandiyang'ana akumwetulira, ndipo kwa kanthawi nanenso ndinayamba kukhulupirira.

Magetsi kunalibe. Tinadikira mpaka dzuwa litapendeka, pamene tinamva ana akukuwa mumsewu kuti magetsi abwera. Ena anathamangira kwathu, poti mbiri ya khadi lofiira inali itafika mumzere monse. Anadzaza pakhomo ndi pawindo, makapu a chimanga ali m'manja. Bambo nawonso analowa n'kuima kumbuyo kwathu. Achimwene anadina batani.

Kafani kanazungulira pang'ono n'kuima. Munamveka kaphokoso kakang'ono ngati chimanga chikuthetheka m'chiwaya, kenako utsi wopyapyala unatuluka kumbuyo kwa bokosi. Fungo la pulasitiki wopsa linadzaza m'chipinda. Achimwene anazula chingwe kukhoma, anachotsa khadi lofiira lija likutentha, n'kubwezeretsa lakale lobiriwira. Anadinanso. Kompyuta inangokhala chete. Sikuti khadi lokha ndilo linapsa, bolodi lalikulu la mkati linapsa nalo limodzi.

Palibe mwana anaseka. Anatuluka mmodzimmodzi ndi makapu awo. Ine ndinangomva mantha. Bambo anaima nthawi yaitali akuyang'ana bokosi lija. Ndikuganiza kuti ankayembekezera kuti mwana wawo agwetsa nkhope, apepesa, ndiye iwo amupatse malangizo, monga zinkakhalira nthawi zonse mwambi uja ukagwira ntchito. Koma achimwene anapukuta tupa ndi malaya awo n'kuipereka kwa bambo ndi manja awiri. Kenako analankhula m'Chichewa, chinthu chimene sankachita popanda kukakamizidwa.

"Bambo, ndakuwonongerani. Ndikagwira ntchito, ndikugulirani ina."

Sabata isanathe anakwera lole ija. Amayi anawakazingira chimanga cha panjira, maso atatupa. Ine achimwene anandisiyira khadi lakale lobiriwira, amvekere ndisunge, adzalifuna. Anaimba foni kamodzi kwa aneba, ali ku Musina, kunena kuti awoloka bwino ndipo akulowera kwa amalume. Kwa amalume sanafike. A Yotamu anawafunafuna m'zipatala, m'ndende, m'matchalitchi mogona anthu othawa kwawo, mpaka anatopa. Mnzawo uja anati anasiyana pamalo okwerera matakisi. Mpaka lero sitidziwa ngati tilire maliro kapena tidikire.

Kwa zaka zambiri ndinkasakasaka woti ndimuimbe mlandu. Ndinakwiyira amalume chifukwa chokakamira Chichewa pa foni yodukaduka. Ndinakwiyira Chichewa chomwe, chilankhulo chotcha ng'ombe ndi magazi mtundu umodzi. Koma khadi lolakwika silinaphe kanthu, likanatha kusinthidwa. Chimene ndazindikira nditakula n'chakuti mwambi wa bambo unapangidwa ndi anthu okhala ndi nsatsi zambiri kuseri kwa nyumba. Nyanga ikafota, mwana amalira, amaphunzira, mawa n'kumusemera ina yabwino. Ife chaka chimenecho tinalibe china chachiwiri. Kompyuta inali imodzi, mwayi unali umodzi, ndipo mwana wamwamuna analinso mmodzi. Pali nthawi yomulola munthu kudzionera yekha, ndipo pali nthawi yomugwira dzanja ngakhale akudane nawe.

Bambo sanakambepo za tsiku limenelo. Kompyuta yakufayo anaifunditsa nsalu n'kumaipukuta fumbi Loweruka lililonse. Ndinkaganiza kuti sakudziwa gawo lawo pa nkhaniyi, ndipo ndinawasungira chakukhosi mwakachetechete.

Chaka chatha ndinapita kukawaona ndi mwana wanga wamwamuna, yemwe ali ndi zaka zinayi. Tinakhala pakhonde lomwe lija. Mwanayo anatola mpeni n'kumalirira kuti asende yekha mango. Ndinali nditatopa naye, ndipo mosaganiza ndinamva pakamwa panga pakuyamba kunena kuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi. Sindinamalize. Bambo, amene masiku ano kudzuka pampando ndi nkhondo, anali atafika kale pa mdzukulu wawo. Anamulanda mpeni uja, mwana akukuwa n'kumawamenya miyendo, iwo osamusiya dzanja.

"Mleke alire," anandiuza, osandiyang'ana. "Wolira ndiye kuti alipo."