Mlomo wa Oshige pa Thabwa

Ku Kanda, mumzinda wa Tokyo, aliyense ankadziwa kuti nkhope za pa zithunzi zosindikiza ndi thabwa za sewero la ku Japan lotchedwa Noh amasema ndi a Tetsuzo. Anzawo ankasema zovala ndi mtengo wa paini wa kumbuyo kwa bwalo, koma chigoba chimene wovina amavala kumaso chinali cha iwo basi. Anayamba ntchitoyi ndevu zisanamere, anakwatira Oshige, mwana wa wogulitsa tofu, chakudya chopangidwa ndi soya, ndipo kwa zaka makumi anayi anangokhalira kuwerama pa thabwa, osapondako n'komwe ku sewero lenilenilo. Ankati ovina ake, ndi kuyenda kwawo kwapang'onopang'ono, angowagonetsa tulo.

Ukalamba utafika, maso anayamba kuchita chidima. A Moriya, eni malo osindikizira, sanawabisire mawu: "Madala, chigoba cha mtsikanachi chikapanda kutuluka bwino, muzikasema zovala." Kwa a Tetsuzo kumeneko kunali kuwaika m'manda ali moyo.

Pa ntchito imeneyi, chojambula amachimata chafufumimba pa thabwa ndi phala la mpunga, kenako amakhula pepalalo ndi chala chonyowa mpaka mizere iwonekere. Chojambulacho chimakhala chimodzi chokha, ndipo chimathera pomwepo. Ndiye m'mawa wa tsiku losema chigobacho chala cha mkuluyu chinapitirira muyezo. Mlomo wonse wa chigoba unachoka, pankangooneka thabwa.

Anangoyang'anitsitsa pamene panali mlomopo. Apo n'kuti Oshige akulowa ndi tiyi.

"Mwatani inu? Mwameza mpeni kodi?"

"Khalani apo, mayi. Musayankhule."

"Ine osayankhula? Koma ndiye mwadwaladi."

Oshige anakhala ndithu, chiseko chikuwavuta, mlomo utapendekera kumanzere monga unkachitira akamabisa kuseka. A Tetsuzo ankati akayang'ana mkazi wawo, n'kuyang'ana thabwa, mpeni ukuyenda. Anausema motembenuza, kuti pa pepala udzapendekere komwe umapendekera.

Patatha sabata, a Moriya anafika kunyumbako ndi pepala loyamba, limodzi ndi a Hayami, wovina amene anajambulidwayo. A Hayami anaweramitsa pepalalo pang'ono, monga amachitira ndi chigoba pa bwalo, nkhope ija inachita ngati ikufuna kulira. Atalidzutsa, inamwetulira.

"Chigoba changa ndavina nacho zaka makumi awiri, ndipo mlomo wake si uwu," anatero. "Koma uwu ukupuma, bambo. Musaukhudze. Munauona kuti?"

Mkuluyo anangokanda m'mutu. A Moriya, amene anabwera atanola kale mawu owatsitsira ku zovala, anawameza onse, n'kunena kuti nkhope za masewero otsalawo zikhale za a Tetsuzo. Mtima wa mkuluyo unasefukira ndi chimwemwe.

Oshige anasuzumira pepalalo akuthira tiyi. Anayang'anitsitsa, tiyi anatayikira pa mkeka, ndipo anaiwala zoti m'nyumba muli alendo.

"Inu! Zaka makumi anayi osandiuzako n'kamodzi komwe kuti ndine wokongola, lero mukufuna kugawira Tokyo yense mlomo wanga?"

"Si ndakuuzani tsopano," anayankha a Tetsuzo, maso ali pa thabwa. "Ndipo asindikiza mapepala mazana awiri, kuti mukapanda kumva koyamba mumve kwinako."