Uvuni wa Mayi Zangaphee ku Maryhill

Mayi Ketrina Zangaphee anabadwira ku Bangula, kumene mayi awo ankawamba milamba ya m'dambo la Shire n'kumagulitsa kwa amalonda ochokera ku Limbe. Asanafike sitandade faifi ankadziwa kale kutumbula mlamba, kuuyala pa waya, ndi kumva ndi mphuno yokha kuti moto wakula. Ntchitoyo sankaikonda m'pang'ono pomwe. Utsi unkawawawa m'maso, yunifolomu inkanunkha nsomba mpaka m'kalasi, anzawo n'kumawaseka. Atasankhidwa kukaphunzira unamwino ku Zomba, anauza mayi awo kuti za uvuni asiyira pomwepo.

Ku Glasgow, ku Scotland, anafika mu 2005 kudzagwira ntchito pa nyumba yosamalirako okalamba. Patatha chaka amuna awo, a Fryson, anawatsatira ndi mwana wawo Vera, n'kupeza ntchito yoyendetsa basi. Banjali linakhazikika ku Maryhill, m'nyumba yapansi pa mdadada wa nyumba zosanja, kufupi ndi ngalande. Kuseri kuli bwalo la udzu lomwe mabanja asanu ndi atatu amagawana. Pali mabini, zingwe zoyanikira zovala, ndi benchi imodzi yothyoka mwendo.

Zaka ziwiri zapitazo a Fryson anadwala sitiroko. Anatuluka m'chipatala dzanja lamanzere litafooka, ndipo adokotala anawalamula kuti mchere achepetse kwambiri. Kuyambira pamenepo chakudya chinasiya kulowa. Ankangotola pang'ono, mbale n'kuikankhira kutali, mathalauza n'kumakhwepa m'chiuno.

"Bambo a Vera, nanga mankhwalawa agwira bwanji m'mimba mopanda kanthu?" anafunsa mayiwo tsiku lina.

"Zonse zikungokoma ngati katoni," anayankha a Fryson. Kenako anati, "Kukanakhala nsomba yowamba, ngati ija ankawamba amayi anu, mwina ndikanayesa."

Mayi Zangaphee anakwera basi kupita ku Govanhill, kukagula nsomba zowamba m'sitolo ina ya zakudya za ku Africa. Atazilawa kunyumba anapeza kuti mchere wake ndi woopsa. Anaziviika m'madzi kawiri, mchere unachoka pamodzi ndi kukoma komwe. Apa ndi pamene anavomera mumtima kuti nsombazo aziwamba okha.

Vuto linali nthawi. Loweruka lopuma ankalipeza kamodzi pa masabata awiri, choncho ankafuna chowambira chokwana nsomba za masabata awiriwo nthawi imodzi, zina azisunga mufiriji. Mkamwini wawo Rowland, mwamuna wa Vera, yemwe amagwira ntchito ya makompyuta, anabwera ndi foni yodzaza zithunzi za mauvuni otchipa owambira panja.

"Amayi, onani uyu. Alemba kuti amakwana chakudya cha anthu khumi."

"Anthu khumiwo akudya chiyani, a Rowland? Mundiuze nsomba zingati."

Rowland anafufuza, koma za nsomba sanalembe paliponse. Ankangotchula nthiti za nkhumba ndi masentimita.

"Ndiye sindingagule chinthu chomwe sindinachiyese," anatero mayiwo.

Lamulungu lotsatira Rowland anafunsa amuna a kutchalitchi, ndipo anapeza atatu omwe anali ndi mauvuni osiyana. Onse analola kubwereketsa. Milamba inali yovuta kupeza, choncho Mayi Zangaphee anasankha nsomba za m'nyanja yamchere zotchedwa makerele, zomwe kuno sizisowa.

Woyamba unali wa a Spencer, wozungulira ngati beseni la miyendo itatu, wokhala ndi chivindikiro. Unali wotchipa kuposa onse, wopepuka moti mayiwo anaunyamula okha. Koma makala ndi nsomba zimakhala m'chipinda chimodzi, ndiye theka la waya linapita ku moto. Panakwana makerele asanu okha ong'amba pakati. Anatuluka bwino, ofiirira, ndipo a Fryson anamaliza mmodzi wathunthu, n'kunyambita zala za dzanja labwinolo. Mayi Zangaphee atawaona, mtima unakhala pansi. Komabe nsomba zisanu zinatha Lachitatu lisanafike.

Wachiwiri unali wa a Japhet, wautali chogona ngati mgolo wogwa, wokhala ndi kabokosi ka moto pambali ndi chumuni. Uwu ndi womwe Rowland ankaufuna. Anaubweretsa pa galimoto atachotsa mipando yakumbuyo, ndipo pa waya wake panayalidwa makerele khumi ndi asanu ndi atatu malo n'kutsalako. Mtengo wake m'sitolo unali pafupifupi kawiri wa enawo.

Tsikulo kunali kamphepo ndi mvula yowaza. Lata la uvuniwo linali lopyapyala, chivindikiro sichinkatseka bwino, ndipo utsi unkatulukira m'mbali monse. Mayi Zangaphee anathira makala, n'kuthiranso, mpaka thumba lonse linatha. Nsomba za kufupi ndi moto zinapserera, za kumapeto zinali zikadali zaziwisi. Anakhala maola anayi akuzisinthasintha malo.

Ali mkati motero, chitseko chakuseri chinatseguka mwamphamvu. Anatuluka Carol, mayi wachisikoti wa zaka za m'ma sikisite yemwe amakhala pamwamba pawo. Kwa zaka zambiri awiriwa ankangopatsana moni pa masitepe. Carol anapita pa chingwe, n'kununkhiza nsalu zake zapabedi zomwe anayanika m'mawa mvula isanayambe.

"Mayi inu, mukuona zimene mwachita?" anakalipa m'Chingerezi chake chothamanga. "Zonsezi ndichapenso. Bwaloli si lanu nokha."

Mayi Zangaphee anadziwa kuti alakwa. Anapepesa, n'kunena kuti nsaluzo azichapa okha. Carol anakana, anaanula zonse n'kukwera nazo. Madzulo asanafike mayiwo anasankha makerele awiri omwe anapsa bwino, anawaika m'mbale, n'kukagogoda pamwamba. Anafotokoza za matenda a amuna awo ndi za mchere. Carol analandira mbaleyo nkhope ili gwa, n'kungoti tsiku lina azimuuza kaye asanayatse moto.

Rowland anayesa kuikira kumbuyo uvuni wautaliwo. "Amayi, tikhoza kumata m'mbalimo. Ukulu wake ndi umenewu, palibe wina."

"Ukulu wa chiyani, poti theka la nsomba ndataya? Ndipo makala ake ndiziwagula ndi chiyani? Mubwezereni a Japhet, muwathokoze."

Wachitatu unali wa a Uchizi, woimirira ngati mgolo waung'ono, wofika m'chiuno. Makala amakhala pansi, pamwamba pake beseni la madzi, kenako mawaya awiri osanjikizana. Mayi Zangaphee anauza Carol Lachinayi kuti Loweruka ayatsa moto. Uvuniwu unasunga kutentha ngakhale kunali mphepo, ndipo makala anangolowa theka la thumba. Koma mawaya awiriwo anakwana makerele khumi basi. Mayiwo anaima manja ali m'chiuno, akuwerengera masiku. Khumi sakanafika masabata awiri.

Carol anatsika kudzataya zinyalala, n'kuima pambali pawo. Anayamba ndi kunena kuti nsomba zija zinali zabwino. Kenako anasuzumira mu uvuniwo.

"Bwanji mukuzigoneka?" anafunsa. "Kwathu ku Arbroath sitigoneka. Bambo anga ankagwira ntchito imeneyi. Mumamanga ziwiriziwiri kumchira, n'kuzikoloweka pa ndodo, mitu pansi. Malo onse ali pakatiwa mukungowataya."

Mayi Zangaphee anayang'ana mpata womwe unali pakati pa mawaya awiriwo. Kwawo nsomba ankayala pa waya, ndipo zopachika anali asanazionepo. Koma anaona kuti mnzawoyo akunena zoona.

Patatha masabata awiri anayesa. Rowland anadula ndodo zitatu zachitsulo zokwana m'kamwa mwa uvuniwo. Carol anabwera ndi chingwe cha thonje, n'kuwaonetsa kamangidwe kake atakhala pa benchi yothyoka ija. Anachotsa mawaya onse awiri, n'kupachika makerele makumi awiri ndi anayi. Atatsegula patatha ola limodzi, anapeza asanu ataduka kumchira n'kugwera m'beseni la madzi.

"Nsomba zathu zimakhala zolimba kuposa izi," anatero Carol, akuoneka wamanyazi. "Izi zachuluka mafuta."

Apa nzeru za ku Bangula zinagwira ntchito. Mayi Zangaphee anakumbukira kuti mayi awo sankaika nsomba yonyowa pa moto, ankayamba aiyanika kuti khungu liume. Ulendo wotsatira anaumika makerelewo mufiriji osavindikira kuyambira Lachisanu, ndipo m'malo momanga kumchira anapisa chingwe kunsi kwa mutu, pomwe pali fupa lolimba. Anachepetsanso chiwerengero kufika makumi awiri kuti utsi uzidutsa pakati. Palibe nsomba yomwe inagwa.

Sabata yomweyo anabweza uvuni wa a Uchizi n'kutuma Rowland kukagula wawo wa mtundu womwewo. Rowland anafunsa ngati atenge wokulirapo pang'ono. Iwo anati ayi, womwe anauyesawo, chifukwa umalowa m'kachipinda kosungiramo katundu pansi pa masitepe.

Masiku ano pa khomo lotulukira kuseri pamamatidwa kapepala kouza anthu Loweruka lomwe kudzakhale utsi, ndipo tsikulo sayanika zovala mpaka masana. Banja lina la pa nsanjika yachitatu linadandaulapo ku ofesi yoyang'anira nyumbazo. Munthu wa ku ofesiko anabwera, anaona, n'kupempha kuti uvuniwo uzikhala kumapeto kwa bwalo, kutali ndi mawindo. Mayi Zangaphee anausunthira komweko.

A Fryson sanabwerere ku mabasi, ndipo dzanja lija silinachire kwenikweni. Koma akudya, thupi labwererako, ndipo kukakhala kopanda mvula amayenda ndi ndodo m'mbali mwa ngalande mpaka pa mlatho n'kubwerera. Amayi a kutchalitchi anamva za nsombazo n'kuyamba kupempha kuti awawambireko, ena akunena kuti alipira. Mayi Zangaphee anakana. Anati ntchito ali nayo kale, ndipo msana sulola. Amene akufuna kuphunzira amamuuza kuti abwere Loweruka m'mawa ndi nsomba zake, atavala chovala chomwe sakuchifuna. Mpaka pano abwera awiri, ndipo mmodzi wa iwo, Mayi Mwawi a ku Govanhill, wagula kale uvuni wake.