Ndinamutcha Mfiti Makompyuta Athu Atatsekedwa

Ndinavulaza munthu ndi pakamwa pangapa. Inu owerenga, makamaka amene mumayang'anira anzanu pa ntchito, imvani zanga.

Kwathu ndi ku Dedza, koma ndimagwira ntchito ku Karonga, ku bungwe lina la zaumoyo lomwe lili ndi tizipatala ku Kaporo ndi ku Chilumba. Ndimatsogolera kagulu ka anthu atatu oteteza makompyuta. Lolemba lina tinapeza mafayilo onse a odwala atatsekedwa. Akuba a pa intaneti anali atalowa, moti anamwino sankathanso kuona kuti wodwala uyu amalandira mankhwala anji. Foni yanga inkangolira, akuluakulu akufunsa kuti walakwitsa ndani.

Mnzanga wina wa m'kaguluko, ndingomutcha Wongani, wa ku Chilumba, ndiye ankaidziwa bwino seva yathu, kompyuta yaikulu yosunga mafayilo onse. Anali munthu wofatsa, wosadziwa kukana ntchito. Lachiwiri ndinaona kuti sabata yapitayo anatsegula imelo yachilendo. Sindinafufuzenso. Pa msonkhano wa m'mawa, pamaso pa anamwino, madalaivala ndi alonda, ndinati, "Mfiti yathu taipeza. A Wongani ndi amene atilodzera makompyuta."

Ndinkayesa nthabwala, koma palibe anaseka. Ndinali nditakhala kuno zaka zitatu, ndipo ndinkamva ndithu za anthu othamangitsidwa m'midzi chifukwa cha liwu limeneli. Mutu unali utangotentha.

Kuyambira tsikulo Wongani sanapitenso kunyumba. Ankagona pampando, chakudya chake tiyi basi. Manja ankanjenjemera pa kiyibodi, maso ali psuu. Ndikamufunsa ankangoti m'chilankhulo chakwawo, "Nili makola, abwana," kutanthauza kuti ali bwino. Ine mumtima ndinkati muleke, akonze zomwe wawononga. Kunena zoona ndinkakondwa kuti ntchito ikuyenda.

Lachisanu masana anaimirira n'kundifunsa kuti lero ndi tsiku lanji. Ndisanayankhe anandifunsa dzina la mwana wake. Kenako anayamba kulira mokweza, bambo wamkulu, n'kutuluka opanda nsapato. Tinakamupeza kudepoti atakhala pansi padzuwa, akuuza aliyense wodutsa kuti iye ndi amene wapha odwala onse. Palibe wodwala anamwalira.

M'mawa mwake mkazi wake anabwera kuchipatala komwe tinamugoneka. Sanandilalatire. Anangoti, "Abwana, mwawachita vichi adada awa? Ku Chilumba kose akuti ni fwiti, akuti abwana awo anena okha. Ana athu anzawo akuwathawa." Kani dalaivala wina anali atanyamula mawu anga kukawatula kumudzi, ndipo Wongani ankamva zonsezi pa foni uku akulimbana ndi seva.

Sabata yotsatira katswiri wochokera ku Lilongwe anamaliza kufufuza njira imene akubawo analowera. Anatseka chitseko n'kundionetsa pa sikirini. Imelo ya Wongani ija inalibe vuto lililonse. Akubawo analowera pa akaunti yanga, ndi pasiwedi yomwe ndinali ndisanasinthe chiyambire ntchito, ine amene ndinkakalipira ena za zomwezo. Ndinapempha kuti ayang'anenso, ndipo anangondilozera dzina langa ndi chala.

Ndinaulula pa msonkhano wa antchito onse. Mafayilo tinawabwezeretsa. Koma Wongani sanabwerere ku ntchito. Akulandira chithandizo, ndipo mkazi wake akuti Wongani akamva foni ikulira amathawira kuchipinda.

Inu owerenga, makompyuta akagwidwa ndi akuba musayambe ndi kusaka wolakwa. Gawanani nthawi kuti aliyense azikagona kwawo ndi kudya bwino, ngakhale akuluakulu akukalipa bwanji. Mnzanu akamanjenjemera n'kumati ali bwino, musamukhulupirire: muchotseni pa kompyuta, mukhale naye pansi, ndipo zikavuta mupite naye kwa odziwa za matenda a maganizo. Inunso otsogolera mukatopa vomerani, chifukwa kutopa n'kumene kunandimasula pakamwa. Ndipo mukakhala kwa eni, dziwani kulemera kwa mawu musanawaponye.

Ndapita ku Chilumba katatu kukapepesa. Mkazi wake amandipatsa mpando pakhonde, ndimakhala mpaka dzuwa kupendeka, koma Wongani sanatulukebe.