Nandolo wa m'Botolo la Giredi 4

Mwana wanga wamkazi ali giredi 4, aphunzitsi a sayansi anauza ana kuti aliyense adzale nyemba m'botolo, pa thonje lonyowa, aone mmene mbewu imamerera. Mwanayo anandiuza m'mawa ndikuthamangira tekisi ya ku Randburg, kumene ndinkachapa ndi kusita m'nyumba ya azungu. Ndinangoti, "Tenga m'kabatimo, usandichedwetse."

M'kabatimo nyemba munalibe. Munali kachitini ka nandolo amene mchemwali wanga ananditumizira pa basi kuchokera kwathu ku Chiradzulu, ndipo mwanayo anatapa momwemo.

Masiku amenewo dera lathu ku Soweto kunali kutatentha. Anyamata ankayenda ndi zibonga m'masipaza, timagolosale ta m'makomboni, kufunsa alendo mapepala. Banja lina la Amalawi mumsewu wathu linathawa, kusiya mabulangete ali pachingwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo ine pasipoti yanga inali itatha mphamvu kalekale. Mwanayo anabadwira ku Joni konkuno, ndipo chiyambire kuyankhula ndinamulowezetsa lamulo limodzi ngati katekisimu: kunja kwa geti Chichewa ayi, wina akafunsa kwanu, kwanu ndi ku Limpopo. Chifukwa chake sindinamuuzepo. Amalawi ambiri kuno timathawira ku Limpopo, chigawo cha kumpoto kwa dziko lino, ndi pakamwa pokha. Ine Limpopoyo ndinangomuonera pawindo la basi.

Patapita masabata awiri, nyemba za anzake zinamera zitasenza njere pamutu, monga zilili m'buku. Nandolo satero. Njere yake imatsala pansi, n'kutuluka kamtengo kowonda ka timasamba tosongoka. Mwana anajambula zomwezo, ndipo aphunzitsi analemba m'kope mwake kuti kholo libwere Lachisanu.

Nditawerenga, ndinaganiza kuti atitulukira, mwana amuchotsa sukulu, ndipo mbiri ikafika mumsewu tigona kutchire. Ndinamukalipira mpaka analira, chonsecho wolakwa ndinali ine ndi changu changa cha tekisi.

Lachisanu ndinapempha adona kuti ndiweruke masana. Ndinapeza ana ataweruka, m'kalasi mwatsala wanga yekha ndi aphunzitsi, mayi wamkulu wovala magalasi. Mabotolo anali ndandanda pawindo, ndipo wathu ankaonekera patali kuti ndi mlendo. Pakhoma panali mapu a Africa.

Aphunzitsiwo ananyamula botolo lathu nati m'Chizulu, "Mama, mbewu iyi sindikuidziwa. Mwana akuti yachokera kwa agogo ake ku Limpopo."

"Yebo, ku Limpopo," ndinatero.

Nkhope yawo inawala. Anayamba kundiyankhula m'chinenero chimene sindinatolepo ngakhale liwu limodzi. Chinali Chivenda, ndipo iwo kwawo kunali komweko. Mwana anandikoka diresi n'kunong'ona, "Mama, tawayankhani, akuyankhula chakwathu."

Apo m'pamene ndinadziwa kuti bodza langa mwanayo analimeza lonse. Ndinachita manyazi kuposa mantha.

Aphunzitsi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anakatseka chitseko.

"Ine ntchito yanga si mapepala," anatero motsitsa mawu. "Mwana ndamuchongera. Wajambula chimene waona, ndiyo sayansi imeneyo. Koma mwezi wamawa tiyamba mapu ndi mbiri ya mabanja. Aliyense adzaima apa n'kuloza kwa agogo ake, anzake akuona, ndipo ana amakanena zonse kunyumba. Mumuuziretu poti adzaloze."

Pobwerera mwana anafungatira botolo lake, ine maso ali uku ndi uku pamene tinkadutsa pa sipaza. Titalowa m'kachipinda kathu kuseri kwa nyumba ya alandilodi, anatulutsa buku la mapu n'kuliyala pabedi.

"Mama, ndiye nandoloyu kwawo n'kuti?"

Ndinagwira chala chake n'kuchikwezera kumtunda, kudutsa Mozambique, mpaka pa kadziko kowonda kaja. Ndinamuuza kuti apa ndi pa Malawi, apa pa Chiradzulu, agogo ako anagona pamenepa, ndipo Chichewa chimene timayankhula m'nyumba muno n'cha pomwepa. Anayang'anitsitsa, osaphethira.

"Ndiye ndikaloze pamenepa?"

Kunja kwa mpanda kunkadutsa anthu akuyankhula mokweza, ndipo ndinadikira kuti apitirire. Kenaka ndinachitsitsanso chalacho pang'onopang'ono mpaka pa Limpopo.

"Ukaloze apa."

Anasolola chala chake m'dzanja langa, n'kutseka bukulo.